Kwa mwana wopita ku America: ndudu isalowe m'nyumba ya lendi

Mwana wathu,

Amayi ako pochapa buluku lako lakuda sabata yatha anapeza machesi ndi ndudu ziwiri m'thumba. Sanakufunse kanthu. Anaziika pakambale n'kudzandionetsa ine bambo ako usiku, anthu atagona. Kalatayi yachokera pamenepo.

Bambo ako fodya amamudziwa. Zaka zonsezi akhala akusoka masamba a bale m'chigafa, kudinda mabelo, kudikira mtengo ku okushoni ya ku Kanengo. Fizi yako inkachokera kumeneko. Choncho akamati fodya asalowe m'chipinda chako, akulankhula za chinthu chimene chinawathimbiritsa zala.

Kumene ukupitako kusuta m'nyumba ya lendi ndi nkhani ya malamulo. Mu 2007 khonsolo ya Belmont, tauni ya ku California, inaletsa kusuta m'nyumba zosanjikizana, ngakhale munthu atatseka chitseko chake. Amene anaiyambitsa nkhaniyo anali agogo okhala m'mafulati, otopa ndi utsi wa anzawo oyandikana nawo. Mu 2016 unduna woona za nyumba m'dzikomo, HUD, unalamula kuti pofika July 2018 nyumba zonse zimene boma limabwereketsa kwa anthu opeza movutikira zikhale zopanda utsi. Ndudu ndi kaliwo zinaletsedwa m'zipinda, m'makonde ndi m'maofesi, ndipo wosuta ayenera kutalikira nyumbayo pafupifupi mamita 8.

Lamulo la HUD silikhudza eni nyumba wamba, koma ambiri a iwo amalemba okha chiletsochi mu mgwirizano wa lendi. Amene wasaina osawerenga amadzadzidzimuka kalata ya chenjezo itafika, ndipo akabwereza akhoza kutulutsidwa m'nyumbamo.

Chifukwa chake n'chomveka. Kuno kumudzi agogo akakoleza chingambwe pakhonde, mphepo imatenga utsiwo n'kupita nawo kudambo. M'fulati utsi ulibe kothawira. Umadutsa kunsi kwa chitseko, m'mapaipi a mpweya, ngakhale m'timabowo ta mawaya a magetsi, n'kukapeza khanda la eni ake kapena munthu wa mphumu pansanjika yapamwamba. Lipoti la dokotala wamkulu wa boma la America la 2006 linanena kuti utsi wa wosuta wina umavulaza ngakhale utachepa bwanji, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse, WHO, limati umapha anthu oposa 1 miliyoni chaka chilichonse, anthu amene sasuta n'komwe. Palinso moto: ndudu yogwera pamatiresi munthu akusinza yapha anthu ambiri m'nyumba za kumeneko.

Kutsegula zenera sikubisa kanthu. Fungo limakanirira m'makatani ndi mukapeti, khoma limasanduka lachikasu, ndipo tsiku losamuka landilodi amadula ndalama yopentera pa dipoziti. Dipozitiyo ndi ng'ombe ija inagulitsidwa mwezi watha.

Ukafika, werenga mgwirizanowo tsamba lililonse usanasaine, ufunse ngati chiletsocho chikukhudzanso khonde. Kachipangizo kolira kakamva utsi kamene kali kudenga usakaphimbe ndi sokosi monga amachitira anyamata ena. Mnzako akabwera ndi ndudu, mlandu udzakhala wako chifukwa dzina lili papepala ndi lako. Umuperekeze panja mwaulemu.

Amayi ako akupempha chinthu chimodzi: ndudu ziwiri zija zikhale zomaliza. Ukavutika kusiya, upite kuchipatala cha pasukulu ukapemphe thandizo, ndipo uwaimbire foni.

Bambo ako,
ku Kasungu