Msewu umene Sekoto anapita nawo ku Paris

Akatswiri ambiri a zojambulajambula amati Gerard Sekoto weniweni ndi uja wa kumudzi, amene anajambula nyumba zachikasu za ku Sophiatown, chithunzi chimene Johannesburg Art Gallery inagula mu 1940. Amati atapita ku Paris mu 1947 dzanja lake linazilala, n'kumangobwereza zakale. Ine mawu amenewa sandikhutiritsa.

Kusiyana kulipo ndithu. Zithunzi za ku Sophiatown, District Six ndi Eastwood zili ndi dzuwa loswa mtengo, fumbi, ndi anthu amene wojambulayo ankawaona ndi maso. M'zithunzi za pambuyo pake nkhope zimayamba kufanana, mizere imathamanga, ndipo m'zaka za m'ma 1960 kunabwera mitu ya akazi ya buluu. Koma munthu wokhala m'kachipinda ku Paris, wopeza chakudya poimba piyano m'mabala usiku, akanaujambula bwanji msewu wa kwawo ngati akuuona? Ndiponso msewuwo kunalibenso. Kuyambira 1955 boma la tsankho linasamutsa anthu a ku Sophiatown, n'kugwetsa nyumba zawo, malowo n'kuwatcha Triomf. Mu 1966 District Six nayo inalengezedwa kuti ndi ya azungu okha. Sekoto ankajambula malo amene ngakhale akanakwera ndege sakanawapeza.

Agogo anga aamuna anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Joni. Atakalamba, nkhani zawo zinatsala zitatu zokha: sitima, chisanu cha mu June, ndi nyimbo ya pansi pa mgodi. Chaka ndi chaka mayina a anzawo ankawathawa, koma nyimboyo inkangokulirakulira. Ife ana tinkatsinana kuti ayambapotu. Ndikamaona Sekoto akubwerera ku Song of the Pick, amuna aja okweza mapiki nthawi imodzi kapitawo wachizungu ataima pambali, ndimawamva agogo. Sikuti analibe china chojambula; mu 1966 anapita ku Senegal ndipo anajambula zambiri za kumeneko. Koma mapiki aja ndiwo sankamusiya.

Mu 1989 Johannesburg Art Gallery inasonkhanitsa ntchito zake n'kuzionetsa pamodzi, ndipo yunivesite ya Wits inamupatsa digiri yaulemu. Mwiniwake sanabwere. Anamwalira mu 1993 ku Nogent-sur-Marne, kufupi ndi Paris, kutangotsala chaka chimodzi kuti anthu akuda a kwawo aponye voti.