Ku Thyolo Ndalama Imabwera ndi Mvula

Munthu wochokera kunyanja akadutsa Limbe n'kuloŵa mseu wa ku Thyolo, choyamba kumulonjera ndi mphepo yozizira. Pa Bvumbwe amayi amayala kabichi, tomato ndi mbatata ya kachewere. Kupitirira pamenepo zitunda zonse zavala tiyi wodulidwa mofanana, mwakuti maso amatopa ndi kubiriŵira.

Tiyi wamalonda anayamba ku Mulanje mu 1891, ndipo ku Thyolo anafika mu 1908. Esiteti ya Satemwa anaiyambitsa Maclean Kay mu 1923, ndipo pali enanso monga Naming'omba, Makwasa ndi ya Conforzi, amene anali Mtaliyana. Chimene anatsata kuno ndi dothi lakatondo, mvula yambiri, ndi mvula yowaza ya chiperoni imene imanyowetsa minda m'miyezi yozizira. Masamba a tiyi sachedwa kuwonongeka akathyoledwa, nchifukwa chake mafakitale ali m'minda momwemo. Akauma, wina amagulitsidwa pa okushoni ya ku Limbe, ndipo wambiri amapita kunja, makamaka ku South Africa ndi ku Britain. Mtengo wake suchokera ku Thyolo ayi. Tiyi akachuluka pa msika wa ku Mombasa, othyola tiyi kuno amamva kuŵaŵa.

Tsono abale akunyanja, mvetsetsani apa. Malo aakulu anatengedwa ndi maesiteti kuyambira nthaŵi ya thangata, ndipo anthu anapanikizana m'timinda ting'onoting'ono. Nthochi zimene kale zinkadzaza malole zinakanthidwa ndi matenda a chisaka. Choncho mabanja ambiri amadya zogula, ndipo ndiwo imene amaikwanitsa ndi usipa, utaka ndi matemba. Mpunga nawo umayenda. Msika wa katundu wathu ulipo, pa Thyolo boma, pa Luchenza ndi m'misika yaing'ono yoyandikana ndi nyumba za antchito.

Koma msikawu uli ndi nyengo yake. Tiyi amaphuka kwambiri kuyambira Disembala mpaka Epulo. Apa mpamene maesiteti amalemba anthu ochuluka, madengu amadzaza, pa sikelo pamakhala mzere, ndipo tsiku lamalipiro msika umasefukira. Tsoka lake, imeneyi ndiyonso miyezi imene usipa umavuta kuyanika kwathu. Wogulitsa amene anaumitsa bwino nsomba zake dzuŵa la Okutobala n'kuzisunga pouma ndiye amapindula. Wobwera ndi zachinyezi amaziwona zikuchita nkhungu tsiku lachiŵiri, pakuti mpweya wa kuno si wa ku Mangochi.

Musayembekezenso wogula chitini chathunthu. Malipiro a othyola tiyi ngochepa, amagula kamulukamulu, ndipo ambiri amapempha ngongole yodzabweza akalandira. Pakati pa dzinja ngongole yotere imabwera ndithu. Koma pofika Meyi masamba amachepa, antchito anyengo amapumitsidwa, ena n'kubwerera kwawo ku Phalombe kapena ku Mozambique, dzina lawo likadali m'kabuku kanu.