Nambala ya Pagalasi

Pali mawu ena amene amavuta kuwaolotsa kuchokera ku chiyankhulo china, ndipo ena mwa iwo ndi aja Amereka amati muscle car. Womasulira wothamanga akhoza kulemba kuti galimoto ya minofu, koma kwa Mchewa minofu ndi ya m'mbale, kotero kuti womva angaganize za galimoto yonyamula nyama kuchokera kophera ng'ombe. Ine ndimati galimoto yadzitho, pakuti dzitho ndi mphamvu zoonekera pathupi, zonga za mnyamata wozolowera kusenza matumba a chimanga. Chinthu chenichenicho ndi galimoto ya thupi lapakatikati, ya zitseko ziwiri, yoikidwa injini ya masilinda 8 imene poyamba inapangidwira galimoto zikuluzikulu. Olemba mbiri ambiri amayambira pa Pontiac GTO ya 1964, pamene John DeLorean ndi anzake anaika injini ya malita pafupifupi 6.4 m'galimoto wamba yotchedwa Tempest, n'kuigulitsa pa mtengo woti wachinyamata wapantchito akhoza kuufikira.

Chaka chomwecho kampani ya Oldsmobile inatulutsa yakeyake, 4-4-2, ndipo dzina limeneli ndi phunziro lokwanira kwa wophunzira za matanthauzo a mawu. Mu 1964 manambalawo ankaimira kabuleta ya makomo anayi, magiya anayi ndi mapaipi awiri otulutsa utsi. Mu 1965, ogula atapatsidwa mwayi wosankha magiya a mtundu wina, tanthauzo linasinthidwa: 4 woyamba anakhala injini ya makiyubiki inchi 400. Pofika 1970 injini inakula kufika pa 455, omwe ndi malita 7.5, koma dzina linatsala lomwelo. Linali litasiya kufotokoza chinthucho n'kusanduka dzina chabe, monga mmene mudzi umatchedwabe pa Mkuyu ngakhale mkuyuwo unagwa kalekale.

Nyengo ya galimoto zimenezi inali yaifupi. Malamulo oteteza mpweya a 1970, kukwera kwa mtengo wa inshuwalansi, ndi kusowa kwa mafuta kwa 1973 zinaithetsa pasanathe zaka khumi. Zotsala zinagona m'makola ndi kuseri kwa nyumba, kudikira anthu ouma mtima oti azidzutse.

Mmodzi wa anthu otere anali mwininyumba wanga. Kuyambira 2002 mpaka 2006 ndinali m'boma la Michigan, kulemba kafukufuku wa digiri ya udokotala pa kukwera ndi kutsika kwa liwu m'aneni a Chichewa, ndipo ndinkachita lendi chipinda chapamwamba m'nyumba ya bambo wina wachikulire mumzinda wa Lansing. Makolo awo anachokera ku Alabama, m'gulu la anthu akuda ochuluka amene anasamukira kumpoto kukafuna ntchito m'mafakitale. Iwo anagwira ntchito zaka 30 pa fakitale ya Oldsmobile, ndipo ankanena kuti mwina ina mwa injini za 1970 inadutsa m'manja mwawo, ngakhale pa nthawiyo malipiro awo ankathera pa ana. Atapuma pantchito anagula chigoba cha 4-4-2 ya chaka chimenecho. Mchere umene amathira m'misewu ya Michigan pofuna kusungunula madzi oundana unali utadya pansi pake, moti munthu ukasuzumira mkati unkaona simenti ya m'galaja.

Cholinga chawo sichinali kuikongoletsa kuti izikaonetsedwa. Ankafuna kuimangira drag racing, mpikisano wa galimoto ziwiri zothamanga moyandikana pamsewu wowongoka wa mamita 402, kuchokera poima chiriri. Kumanga kotere kumayamba ndi kugwetsa. Tinachotsa mipando yakumbuyo, makapeti, wailesi ndi chilichonse chimene sichithandiza kupita patsogolo, chifukwa galimotoyo inkalemera makilogalamu oposa 1,600 ndipo kulemera kulikonse kumalipiridwa ndi nthawi. Malo odyedwa ndi dzimbiri anadulidwa n'kuwotchereredwa zitsulo zatsopano. Mkati munaikidwa mapaipi achitsulo oteteza woyendetsa ngati galimoto itagubuduka, pamodzi ndi malamba okhuthala.

Injini inatitengera nyengo ziwiri za chisanu. Ya 455 ili ndi mapisitoni oyenda ulendo wautali, choncho mphamvu zake zimabwera msanga, isanazungulire kwambiri, ndipo amene amaidziwa sailola kupyola maulendo 6,000 pa mphindi. Bambowo anasankha camshaft yotsegula mavavu nthawi yotalikirapo, kabuleta yaikulu ya Holley, ndi mapaipi a utsi opatsa silinda iliyonse njira yakeyake. Ankayeza mpata wa mabeyaringi ndi chida chowerenga zigawo za inchi imodzi yogawidwa ka 1,000, n'kulemba nambala iliyonse m'kope la ana asukulu. Ku difu anaika magiya a 4.10, kutanthauza kuti shafiti imazungulira kanayi ndi pang'ono kuti tayala lizungulire kamodzi. Magiya otere amamwa petulo ndipo ndi osathandiza paulendo wautali, koma ponyamuka amaiponya galimoto ngati mwala wa pa legeni. Kumbuyo kunabwera matayala aakulu osalala, opanda mizere, opopedwa mpweya wochepa kuti agwire phula ndi thupi lonse.

"Mphwanga," ankatero, "injini aliyense wandalama akhoza kugula. Mpikisano umathera pa mamita 18 oyamba. Tayala likaterereka pamenepo, mphamvu zako zonse zasanduka utsi."

Chimene anandiitanira m'galajamo sichinali manja anga, pakuti manja a mphunzitsi ndi ofewa. Ankafuna makutu. Phokoso la m'fakitale linali litawagonthetsa, makamaka ku mawu opyapyala, pamene ine ndinkakhala tsiku lonse nditavala zomvetsera, kusiyanitsa liwu lokwera ndi lotsika m'mawu monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Ankandipatsa sikuludiraiva yaitali, nsonga yake pa injini, chigwiriro pa khutu langa, n'kundifunsa chimene ndikumva. Chingerezi chinkandithera msanga. Ndinkapezeka ndikuyankha m'Chichewa: kuno kukuti tche tche tche, uko kukuti go go go, lamba akuti tswii. Poyamba ankaseka, koma posakhalitsa anaphunzira kuti tche tche tche ndi vavu yofuna kusinthidwa mpata, pamene go go go ndi nkhani yoti tizimitse injini nthawi yomweyo. Ndinawafotokozera kuti mawu otere timawatcha mvekero, kuti ali ndi malo awoawo m'galamala yathu, ndi kuti Clement Doke anawapatsa dzina la ideophone m'maphunziro a ziyankhulo za Chibantu mu 1935. Anayankha kuti chiyankhulo chimene chili ndi mawu otere chinayenera kubadwira m'galaja.

Pa 29 Epulo 2004 galimoto yomaliza ya Oldsmobile, ya mtundu wa Alero, inatuluka m'fakitale ku Lansing. Kampani imene Ransom E. Olds anaiyambitsa mumzinda womwewo mu 1897 inatha itakhala zaka pafupifupi 107. Madzulo ake bambowo sanayatse wailesi yakanema. Anandiitana kuti timange mahedi a injini, ndipo tinamanga mabawuti mmodzimmodzi, kuyambira pakati kupita kunja, katatu konse, aliyense pa muyeso wake. Titamaliza anapukuta manja nati, "Dzina lafa lero, koma iyi iyenda." Sananenenso china usiku umenewo.

Inayenda m'chilimwe cha 2005, pa bwalo la mpikisano la ku Martin, kumadzulo kwa Michigan. Woyendetsa anali mdzukulu wawo wamkazi, wophunzira za unamwino, chifukwa maso a agogo ake anali atayamba kuchita nkhungu. Masewerowa ali ndi mwambo wake. Bungwe la NHRA, limene Wally Parks analiyambitsa mu 1951, linabadwa pofuna kuchotsa achinyamata m'misewu ya anthu onse n'kuwaika pamalo oyezedwa ndi otetezedwa. Woyendetsa amayamba wapotoza matayala akumbuyo pamadzi mpaka atafuka utsi, kuti atenthe ndi kuyamba kumata. Kenako amasendera pang'onopang'ono mpaka tayala lakutsogolo litadula kuwala kwa pamzere. Pakati pa njira ziwirizo pali mlongoti wa nyali: zachikasu zitatu zimayaka motsatizana, motalikirana theka la sekondi, kenako yobiriwira. Wonyamuka isanayake yobiriwira amaona yofiira, ndipo wagonja asanayambe n'komwe. Galimoto za Top Fuel zimatha ulendo wawo pasanakwane masekondi 4, pa liwiro loposa makilomita 500 pa ola, ndipo kuyambira 2008, Scott Kalitta atafa pangozi, zimathamanga mamita 305 okha. Yathu inali ya anthu wamba. Inkatha mamita 402 m'masekondi 12 ndi pang'ono, pa liwiro la makilomita oposa 170 pa ola. Yatsopano, yongochoka kufakitale mu 1970, inkatenga masekondi pafupifupi 14.

Chimene chinandigwira mtima monga wophunzira ziyankhulo ndi lamulo la mpikisano wa anthu wambawu, umene amautcha bracket racing. Musananyamuke, aliyense amalemba pagalasi la galimoto yake, ndi polishi woyera wa nsapato, nthawi imene akuti athamanga. Wa galimoto yochedwa amapatsidwa nyali yobiriwira poyamba, molingana ndi kusiyana kwa manambala awiriwo, kotero kuti onse akasunga mawu awo ayenera kufika pamodzi. Ukathamanga mofulumira kuposa nambala imene walemba, wagonja, ngakhale utafika poyamba. Lamuloli linaikidwa kuti wosauka athe kupikisana ndi wolemera, ndiponso kuti munthu asadzichepetse mwachinyengo. J. L. Austin, m'buku lake la 1962, anaphunzitsa kuti pali mawu ena amene pongowanena munthu wachita kanthu, monga kulonjeza kapena kulumbira. Nambala ya pagalasi ndi mawu a mtundu umenewu. Ndi lonjezo loti galimoto yangayi ndikuidziwa, ndipo woweruza wake ndi wotchi yosamva zifukwa.

Tsikulo bambowo analemba 12.40. Mtsikanayo anapambana kawiri. Pofika ulendo wachitatu dzuwa linali litapendeka, mpweya utazizira, ndipo mpweya wozizira umakhala wothithikana, umene umapatsa injini mphamvu zoonjezera. Mdzukuluyo anati, "Agogo, titsitseko nambala." Iwo anayang'ana kumwamba, nayang'ana m'kope lawo, n'kuisiya momwemo. Galimoto inati vuu, mphuno m'mwamba, n'kufika poyamba. Kapepala ka nthawi kanati 12.37. Tinagonja ndi zigawo zitatu za sekondi yogawidwa ka 100. Bambowo anakayang'ana kapepalako nthawi yaitali, akukayandikitsa ku maso, kenako anauza mdzukulu wawo kuti kuyambira tsiku limenelo polishi azisunga ndiye. Mu galimoto yokoka ngolo pobwerera ndinawaona akumwetulira okha, pakuti chigoba chija chinali chitathamanga kuposa mmene mwini wake anayembekezera.

Kuno kwathu kummwera kwa Africa nkhaniyi si yachilendo kotheratu. Ku Johannesburg, Basil Green anaika injini ya V8 ya malita 5 mu Ford Capri n'kuitcha Perana, imene inayamba kugulitsidwa mu 1970. Mu 1973 kunatuluka Chevrolet Firenza Can Am, zokwana 100 zokha, ndipo bwalo la Tarlton, pafupi ndi Krugersdorp, linakhala kwawo kwa mipikisano yotere kwa zaka zambiri. Ku Malawi galimoto zadzitho n'zosowa, koma luso lodzutsa chitsulo chakufa lilipo lambiri. Mwana wopinda mawaya kuti apange galimoto yake, ndi makaniko wa ku Ndirande kapena ku Biwi wosema gasiketi kuchokera ku katoni, ndi abale a mwininyumba wanga uja. Nawonso ali ndi mawu awo. Amati injini yagogoda, galimoto ikutsokomola, kilachi yapsa, batire lagona. Ameneŵa ndi mawu a sayansi ya makina, obadwa popanda komiti, ndipo ambiri mwa iwo sanalembedwe paliponse.

Bambowo anamwalira patapita zaka zochepa nditabwerera kumudzi. Galimoto ili ndi mdzukulu wawo, pamodzi ndi kope lija, ndipo anandilembera kuti m'mphepete mwa masamba ena agogo ake analembamo tche tche ndi go go m'kalembedwe kawokawo. Ku Lansing komweko, Chevrolet Camaro yomaliza ya mtundu wa petulo umene unkapangidwa kumeneko inatuluka kumapeto kwa 2023, ndipo galimoto za magetsi zimene zikuchuluka masiku ano zilibe kabuleta, mavavu kapena kilachi. Ntchito ikatha, mawu ake amatsatira pambuyo, mwakachetechete. Amakaniko athu amene anakulira pa Bedford ndi Peugeot 404 akutha mmodzimmodzi. N'chifukwa chake chaka chilichonse, ophunzira anga a za matanthauzo a mawu asanalembe mayeso, ndimawatuma kukakhala masabata awiri m'galaja ali ndi chojambulira mawu, ndipo ndimawauza kuti akafike ndi ulemu, avale zovala zosaopa girizi, ndi kuti akapatsidwa sipanala aigwire.