Khoma la Agogo

Ndinayamba Sitandade 1 m'chaka cha 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale. Ana tinakhamukira kusukulu ngati ngumbi za mvula yoyamba, ndipo m'dziko lonse chiwerengero chathu chinachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni. Sukulu ya kwathu inali ndi mdadada umodzi wokha wa zipinda ziwiri, choncho enafe tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Mdadadawo anaumanga anthu a m'mudzi pa Sabata ya Achinyamata m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo mmisiri wake anali agogo anga aamuna.

Tsiku limene ndinaloledwa kulowa m'chipinda ndinadziona ngati ndakula. Koma m'katimo munali mdima, pakuti mazenera ake anali timabowo ta pakati pa njerwa. Madesiki anali m'mizere, onse kuyang'ana kubolodi, ndipo wotembenukira kwa mnzake dzina lake linkalembedwa pa mndandanda wa olongolola. Ine ndinakumbapo dzenje la zinyalala chifukwa chofunsa mnzanga mmene anapezera yankho la samu.

Patapita zaka ndinabwerera pasukulu yomweyo ndili mphunzitsi. Maphunziro atsopano a ku pulayimale, amene anayamba mu 2007, ankafuna kuti ana azikambirana m'magulu. Kulemba zimenezo m'buku n'kosavuta. Nanga ana 90 uwagawa bwanji m'magulu pamene desiki ndi lachitsulo, lolumikizana ndi benchi lake, lofuna ana awiri kuti alinyamule? Pofika poti magulu akhazikike, belu linali litalira kale.

Mu Januwale 2015 mvula yamkuntho inasasula denga la mdadadawo. Pamsonkhano wa makolo onse anagwirizana zogula malata, koma ine ndinaimirira n'kupempha kuti popeza denga lachoka kale, tikulitse mazenera, ndiponso tigumule khoma lapakati kuti zipinda ziwirizo zizitha kusanduka chimodzi. Pabwalo panangoti zii. Kenaka agogo anatsokomola.

"Mdzukulu wanga, njerwa za khoma limenelo tinaumba ku dambo ndi manja awa, madzi akutunga ndi agogo ako aakazi. Iwe unaphunzira kulemba dzina lako utatsamira khoma lomwelo. Lero lakulakwira chiyani?"

Ndinasowa poyambira. Ndinali nditawerengera matumba a simenti ndi matabwa, koma osaganizirako kuti ambiri mwa amene anaumba nawo njerwazo anagona kale kumsitu, ndipo khomalo ndilo linatsala m'malo mwawo. Msonkhano unabalalika popanda mfundo, ndipo sabata yonse agogo sanandiitane pa nsima.

Tsiku lina m'mawa ndinawapeza m'chipindamo ali okha, akugogoda khoma ndi ndodo yawo. "Aphunzitsi," anatero, ndipo ndinadziwa kuti mkwiyo sunatheretu, popeza anali asananditchulepo choncho, "kodi mukudziwa kuti khoma ili ndilo limasenza mitanda ya denga? Mukaligumula monga mukuganizira, denga latsopanolo lidzagwera ana." Apo ndinachita manyazi, chifukwa zimenezo sindinazidziwe. Iwo anajambula pansi ndi ndodo: mbali zonse ziwiri kutsale zipilala zanjerwa, pamwamba pake padutse mtanda wa konkire wokhala ndi zitsulo m'kati, ndipo uume milungu inayi asanachotse mitengo yochirikiza. Pampata wotsalawo payikidwe zitseko zamatabwa zopindika.

Sanalole kuti wina aliyense agwire hamala. Njerwazo anazichotsa okha imodziimodzi, pakuti zinamangidwa ndi dothi osati simenti, anyamata n'kumazilandira. Pa njerwa zina pankaoneka zala za amene anaziumba, ndipo agogo ankaima kaye n'kuziyang'anitsitsa asanazipereke. Ndi njerwa zomwezo anamanga mpando wozungulira mtengo wa mango uja.

Ndalama za matebulo sizinakwane. Kalipentala anadula madesiki ena akale, kulekanitsa benchi ndi polembera, ndipo amayi anabweretsa mphasa. Makoma onse tinawapaka utoto wakuda m'munsi kuti gulu lililonse likhale ndi bolodi lake pamsinkhu wa mwana. Chinthu chimenechi, chimene chinadya ndalama zochepa kuposa zonse, ndicho chinasintha zambiri. Mtsikana amene chaka chonse anali asanakwezepo dzanja ndinamuona atagwada pakhoma, choko m'manja, akulongosolera anyamata atatu kugawa kwa manambala.

Sindinganame kuti zonse zinayenda bwino. Thabwa silitchinga phokoso ngati njerwa, ndipo Sitandade 6 ikamaimba, Sitandade 7 imavutika kumva mphunzitsi. Mnzanga wina wa ntchito amadandaula mpaka lero, ndipo sindimutsutsa. Zitsekozo timazitsegula kawiri kokha pa sabata, ndiponso pamisonkhano ya makolo.

Agogo anatisiya mu 2019. M'miyezi yawo yomaliza ankakonda kukhala pampando wa pansi pa mango, n'kumasuzumira pazenera lalikulu lija. Ndikatuluka ankandikodola n'kundifunsa funso lomwelomwelo, ngati mtanda wa konkire uja wayamba kuonetsa mng'alu.