Ngongole zinatsekeredwa m'kompyuta, wakuba n'kukhala ine

Ndine kalaliki pa sitolo ya amalume anga, m'mbali mwa msewu wochoka ku Mangochi boma kupita ku Monkey Bay. Timagulitsa za asodzi: maukonde, zingwe, ulusi wosokera, nyali, mapulagi ndi oyilo wa injini za maboti. Malonda athu ambiri ndi a ngongole. Mwini chilimira akabwera kuchokera ku Msaka, ku Malembo kapena kutsidya ku Makanjira sabwera ndi ndalama yokwanira m'thumba. Amatenga katundu n'kumabweza pang'onopang'ono usipa ukamafa. Mwera ukavuta mu Juni ndi Julaye amati timudikire, nyanja ikatsekedwa kumapeto kwa chaka timadikiranso. Chuma cha amalume chochuluka chimakhala m'manja mwa anthu, ndipo umboni woti chilikodi unkakhala m'kompyuta imene ndinkagwiritsa ine.

Pulogalamu yowerengera ndalama tinaiika mu 2015. Anabwera nayo pa disiki mnyamata wina wa ku Blantyre, anandiphunzitsa kulemba ma invoice ndi kutulutsa mndandanda wa okongola, analandira zake n'kupita. Dzina la pulogalamuyo sinditchula. Inali ya mtundu wokhala m'kompyuta momwemo, yosafuna bandulo kuti igwire ntchito, ndipo n'chifukwa chake tinaikonda. Mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, magetsi ankazima tsiku lathunthu, netiweki n'kumadukaduka, koma ife tikaliza jenereta mabuku athu ankatseguka bwinobwino.

Chimene palibe anatiuza n'chakuti pulogalamu yotereyi siikhala yokha. Mkati mwake muli timawindo tina timene imabwereka kwa browser ya kompyutayo: kawindo kolembetsera laisensi, kotumizira invoice pa imelo, kofunsira chithandizo. Mapulogalamu ambiri a nthawi imeneyo ankabwereka kwa Internet Explorer, ija ya chilembo cha e chabuluu, imene Microsoft inatulutsa mu 1995. Mu Meyi 2021 kampaniyo inalengeza kuti browser imeneyi ipuma pa 15 Juni 2022, ndipo pa 14 Febuluwale 2023 inaizimitsiratu pa makompyuta ambiri a Windows 10, moti ukadina e uja imatseguka ndi Edge. Chenjezo linaperekedwa chaka chathunthu tsikulo lisanafike, ndivomereze. Koma linalembedwa m'Chingerezi, pa masamba amene amawerenga akatswiri. Ine masiku amenewo ndinkawerenga mitengo, chifukwa mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti ndipo ukonde uliwonse unafunika mtengo watsopano.

Zizindikiro zinayamba mwakachetechete. Kawindo kotumizira imelo kanayamba kutuluka koyera, kopanda chilembo. Sindinadandaule, popeza makasitomala athu ndi a WhatsApp. Ndinkangojambula invoice pa foni n'kutumiza. Zina zonse zinkayenda.

Kenako mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy. Ife sitinaone zimene anaona anzathu a ku Chilobwe ndi ku Phalombe, sindingayerekeze n'komwe. Kwathu mvula inangogwa osalekeza, denga la ofesi linadontha, ndipo magetsi atabwerera kompyuta inangoti phu, kafungo ka waya wopsa, basi. Mtima sunandigunde kwambiri chifukwa Lachisanu lililonse ndinkakopera fayilo ya sitolo pa fulashi. Disiki ya 2015 inalinso m'kabati, pamodzi ndi kapepala ka nambala ya laisensi. Mwana wa amalume amene ali ku Joni anatumiza laputopu yatsopano kudzera kwa anyamata onyamula katundu, ndipo ndinkati Lolemba ntchito iyambiranso.

Laputopuyo inali ya Windows 11, imene Internet Explorer mulibe chibadwire. Pulogalamu inalowa movutikira, kenako inati ndiilembetse kaye. Ndinadina. Kawindo koyera. Ndinagula bandulo ina, ndinakwera pa chulu kuseri kwa sitolo kumene netiweki imagwira bwino, ndinapita nayo mpaka ku boma. Koyerabe. Mnyamata wokonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi depoti anayesa njira ija ya mu Edge yotsegulira masamba akale, imene akuti ikhalapo mpaka 2029, koma anati imeneyo imathandiza masamba a pa intaneti, osati kawindo kathu. Anandifotokozera kuti vuto lili mbali ziwiri: kuno pulogalamu ikuitana browser yomwe kulibe, ndipo kutsidya makina a opanga pulogalamuyo analeka kuyankha browser zakale. Makampani aakulu anakonza izi, anatero; Intuit, mwachitsanzo, inaika browser yakeyake mu QuickBooks mu 2022. Koma zokonzazo zimapita ku mitundu ya zaka zaposachedwa imene akuisamalirabe. Ya 2015 inali itaiwalika kalekale. Njira yowongoka inali kugula yatsopano, yolipira chaka ndi chaka m'madola, pa nthawi imene madola ankasowa ngakhale a mafuta a galimoto. Mnyamata wa ku Blantyre uja nambala yake inali italeka kugwira.

Fayilo ndinali nayo m'manja, yathunthu, koma chotsegulira panalibe. Zinali ngati kukhala pakhonde pa nyumba yako, chakudya chili m'kati, kiyi atapita naye mlendo.

Za msonkho zinatheka. Makina a EFD ankasunga zonse zimene tagulitsa, ndiye tsiku la 25 la VAT litafika tinali ndi manambala opereka ku MRA. Koma EFD siinkadziwa kuti ukonde uja anatenga ndani, wabweza zingati, watsala ndi zingati. Ndipo nkhani m'madoko imathamanga kuposa boti la injini. Anthu anamva kuti "kompyuta ya pa sitolo paja yafa". Amene ankabwera mwezi ndi mwezi anayamba kudutsa pa kabaza nkhope atayang'ana kunyanja. Wina anabwera ndithu, n'kunena mosaphethira kuti iye anamaliza kale mu Januwale ndipo ndalama anapatsa ine pamanja.

Mawu amenewo ndi amene anandivulaza. Amalume sadziwa kompyuta; amadziwa nkhope za anthu ndi ndalama. Iwo ankaona fulashi ili m'manja mwanga, laputopu yatsopano ili pa tebulo, koma ndikuti sindingawaonetse mndandanda. Ndani angakhulupirire? Madzulo ena titatseka anandikhazika pa benchi.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, ndiuze zoona tisanapite patali. Wadya zingati?"

"Amalume, sindinadye ngakhale tambala."

"Nanga bwanji makina akale ankaonetsa, atsopano odula akukana? Chatsopano chingalephere chimene chakale chinkatha?"

Funso limenelo linali lanzeru, ndipo yankho lake loona limamveka ngati bodza. Anandilanda makiyi a kabati ya ndalama n'kupatsa mkazi wawo. Nkhani inafika kwa amayi kumudzi, ndipo kwathu kuno malume akakayikira mwana wa mlongo wake, mbumba yonse imagwedezeka. Amayi anasiya kupita kumsika. Panamveka zoti apolisi aitanidwe. Usiku ndinkagona maso ali gwa, ndikuwerengera m'mutu maina ndi manambala amene ndinkawakumbukira, kuopa kuti nawonso angandithawe.

Ndinayamba kumanga mabuku ndi manja. M'katoni ina munali mabuku a malisiti a kaboni, ena atanyowa moti inki inayenderera. Pa foni ya sitolo panali mauthenga a Mpamba ndi Airtel Money osafufutidwa. Ndinagula hadikava yaikulu, munthu aliyense tsamba lake, n'kumalemba chimene ndapeza umboni wake chokha. Kenako ndinayenda m'madoko, pa minibasi ndi pa njinga yamoto, kukakhala pansi ndi eni zida m'mawa maboti akamakocheza. Kumeneko ndinaphunzira za anthu zimene kompyuta sinandiuzepo. Bambo wina wachikulire wa ku Malembo, amene sadziwa kulemba, ananditchulira ngongole yake yonse pamtima, katundu ndi mwezi wake, mpaka nyali ziwiri zimene lisiti yake inali itawonongeka. Anati, "Mwananga, ngongole siifa chifukwa makina afa. Ndikakana pano ndikayankha chiyani kwa Mulungu?" Mayi wina wogula usipa anatulutsa kabuku kake ka sukulu mmene ankalembamo ndalama iliyonse imene ankaperekera mwamuna wake. Enanso, ovala bwino, a maboti atatu, ankangoti, "Bweretsani pepala la kompyuta, tikambirane."

Chipulumutso chinachokera kwa mphunzitsi wina wa makompyuta wa ku Zomba amene anabwera kudzacheza kunyanja ndipo anaima pa sitolo kugula chingwe. Atamva nkhaniyi anafunsa chinthu chimene wina aliyense sanafunse: kompyuta yakufayo ili kuti? Inali m'stoo, pansi pa maukonde, ikudikira ogula zitsulo. Anaitsegula n'kuona kuti chapsa ndi bolodi, koma hadi disiki ikuoneka yamoyo. Anati ngati tingapeze kompyuta ya mtundu womwewo, disikiyo ikhoza kudzuka ndi zonse zimene zinalimo, pulogalamu ili yolembetsa kale, yosafunanso kawindo kaja. Tinaipeza ku Liwonde, pa kashopu kotayipa makalata ndi kufotokopa, yakale yofanana ndendende, ndipo mwini wake anatigulitsa akudabwa kuti tikuifuniranji.

Inalira, inazengereza, kenako inatseguka. Mphunzitsiyo anandiletsa kuilumikiza ku intaneti ngakhale kamodzi. Tsiku lomwelo tinatulutsa zonse kuziika mu Excel ndi PDF, mitundu imene kompyuta iliyonse imatsegula, ndipo tinasindikiza mndandanda wonse wa okongola mpaka inki inatha. Ndinaika mapepalawo pambali pa hadikava yanga, amalume atakhala pomwepo ndi magalasi awo. Tinayenda dzina ndi dzina. Manambala anga a pamanja ankagwirizana ndi a m'kompyuta pafupifupi paliponse, ndipo pamene ankasiyana, anga ndi amene anali ochepa. Bambo uja amene anati anamaliza mu Januwale anapezeka kuti ndalama yake yomaliza anapereka mu Okutobala, ndipo siinafike ngakhale theka.

Amalume sanapepese. Anthu a msinkhu wawo sapepesa kwa mwana ndi pakamwa. M'mawa mwake ndinapeza makiyi a kabati ali pa tebulo langa, ndipo Loweruka anatumiza thumba la mpunga ndi chambo kwa amayi. Ine ndinalandira, ngakhale kuti mpaka pano ndikamawerenga ndalama pamaso pawo manja amachita thukuta.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ndikudziwa maofesi ena m'mbali mwa nyanja muno, malo ogona alendo, mashopu a hadiweya, timabungwe ta ngongole, amene akuyendabe pa pulogalamu zakale zomwezi. Zikugwira ntchito chifukwa kompyuta yake sinafe. Ndikawauza amati ali ndi fulashi. Ndimawafunsa ngati anayesapo kutsegula fulashiyo pa kompyuta ina, ndipo ambiri amangondiyang'ana. Tsiku limene adzayese, wofunsidwa sadzakhala wopanga pulogalamu wa kutsidya kwa nyanja zamchere kapena mnyamata amene anabweretsa disiki. Adzakhala kalaliki.

Pano timalemba mu Excel pa laputopu ija, ndipo mwezi ukatha ndimasindikiza ngongole ya munthu aliyense mapepala awiri, lina lake lina lathu, asayine kapena adinde chala. Kompyuta ya ku Liwonde timaiyatsa pokhapokha wina akatsutsa za kale. Kugula pulogalamu yatsopano amalume anakana, makamaka kwacha itagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Bambo wa Januwale uja anasamukira ku doko lina chakumpoto, ngongole yake ikadali m'buku, ndipo amalume akuti akamutsatira okha mwera ukatha.