Achemwali, duwa ili si la kunyanja

Johannesburg, South Africa

Okondedwa achemwali,

Kuno chisanu cha July chikutiluma zala m'mawa uliwonse. Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinaumva, woti ndikutumizireni mbewu ya maluwa oyera aja munawaona pachithunzi, mubzale pakhomo pa nyumba yatsopano. Ndasankha kuyankha m'kalata yoti ena awerengenso, chifukwa pempholi si lanu lokha. Anzanga ogwira ntchito ya m'gadeni kuno, a ku Namwera, a ku Makanjira, a ku Monkey Bay, nawonso abale awo amawapempha zomwezi.

Mbewuyo sinditumiza, achemwali, ndipo musanditenge ngati woumira. Mverani kaye mmene duwali limakhalira.

Dzina lake ndi hydrangea, ndipo ilipo mitundu ingapo. Wofala kuno ndi wa maluwa obulungira, abuluu kapena apinki, umene eni nyumba amautcha Christmas rose popeza umachita maluwa mu December. Umene munauona inu ndi wina, Hydrangea paniculata. Timaluwa take ting'onoting'ono timaunjikana pamutu umodzi wosongoka ngati ngala ya mapira, ndipo mutu wokhwima bwino umaposa chikhatho cha munthu wamkulu. Amayamba obiriwirako, kenako amayera mbee, ndipo pofika March amayamba kufiirira. Kwawo kwenikweni ndi ku China ndi ku Japan. Amene anaulemba m'mabuku a sayansi mu 1829 ndi Philipp Franz von Siebold, dokotala wa ku Germany yemwe ankagwira ntchito ku Nagasaki. Wa pabwalo pomwe ndimagwira ntchito amautcha Limelight, ndipo mbewu yake anaipanga alimi a maluwa a ku Netherlands. Mayiko onsewa ndi odziwa chisanu.

Mukanachiona chitsambacho lero simukanachipempha. Masamba onse anayoyoka kale, changotsala ndodo zotuwa. Ino ndiye nyengo yodulira, kumapeto kwa July mpaka mu August. Ndimagwada ndi sizasi, n'kugwira nthambi yomwe inaphuka chaka chatha, kuitsata mpaka pomwe inayambira. Pamfundo iliyonse pamakhala timaso tiwiri, nthawi zina titatu, totupa pang'ono, timene chala chimatimva maso asanatione. Ndimasiya mfundo ziwiri, n'kudula pamwamba pake pang'ono mopendeketsa kuti madzi asamakhale pabala. Nthambi zowonda kuposa pensulo ndimazichotseratu, chifukwa sizingasenze mutu wa maluwa mvula ikaunyowetsa. Zopingasana ndi zouma nazo zimapita. Ukadula kwambiri umapeza mitu yochepa koma ikuluikulu. Ukadula pang'ono mitu imachuluka koma imakhala ing'onoing'ono, choncho ndimayamba ndafunsa adona kuti chaka chino akufuna ziti.

Apa ndi pamene anyamata ongofika kumene ntchito imawathera. Amaona mitundu iwiri ija ngati umodzi. Paniculata imabereka maluwa panthambi zatsopano zimene ziphuke mu September, n'chifukwa chake sizasi saiopa. Christmas rose imasunga maluwa ake m'timaso ta nthambi zakale, ndiye ukaimeta mpaka pansi, December adzafika pali masamba okhaokha, abwana n'kukuonetsa geti. Pa mtundu wa maluwa amasiyananso. Christmas rose imakhala yabuluu m'dothi la asidi ndi yapinki m'dothi la laimu, koma paniculata ngakhale uthire chiyani siisintha, imatsata nthawi yake basi.

Madzi ndiye nkhani yaikulu. Chitsambachi chimafuna dothi lachinyezi nthawi zonse koma losadikha madzi. Kuno m'miyezi yotentha akuluakulu a mzinda amaletsa kuthirira ndi paipi kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, motero ndimalawirira kusanache kapena kudikira dzuwa lilowe. Ndimathirira patsinde, pang'onopang'ono, mpaka madzi alowe pansi penipeni. Kuwaza pamwamba tsiku ndi tsiku kumangochititsa mizu kuyandama. Ndikatha ndimaphimbira ndi makungwa a paini ndi masamba owola, kuchindikala kwake zala zinayi, koma osakhudza tsinde kuopa kuola. Feteleza ngati Urea ndimamupewa, amachulukitsa masamba n'kufewetsa nthambi, ndipo mvula ya matalala ya kuno ikabwera masana zonse zimagona pansi. Manyowa owola bwino kamodzi pachaka amakwanira. Malo ake abwino ndi owomba dzuwa la m'mawa, masana pakhale kamthunzi.

Tsopano ganizani za pakhomo panu. Johannesburg ali pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Mangochi safika ndi pa 500 pomwe. Duwali limafuna kugona m'nyengo yozizira, kutaya masamba n'kupumula, kuti lidzuke ndi mphamvu. Mwera wathu wa June ndi July umatifunditsa zitenje, koma kwa ilo si chisanu chimenecho. Likapulumuka apo, October akulidikira ndi kutentha kopitirira madigiri 35, pamchenga womwe madzi ukathira m'mawa pofika 10 koloko wauma gwaa. Ndiye ndikuoneni inu, ndi msana wanuwo, mukusenza ndowa kuchokera kumjigo kuthirira chinthu chomwe chikufota mukuona? Masamba akenso ali ndi poizoni woti angadwalitse ziweto, ndipo mbuzi za kwathu sizisankha. Kuwonjezera apo, chomera sichingodutsa pa Beitbridge ndi pa Mwanza m'chikwama ngati sopo, pamafunika chilolezo cha a zaulimi, ndipo lamuloli ndi labwino chifukwa matenda a mbewu amayenda m'njira yomweyo. Wofunitsitsa hydrangea ku Malawi akayesere pa phiri la Zomba kapena ku Dedza, komwe June amazizira zenizeni.

Chimene chimandipweteka mtima n'china. Agogo athu ankapita ku Wenela n'kubwerako ndi njinga, bulangete ndi chifuwa. Luso lokumba golide linkatsala komweko chifukwa kwathu kunalibe kolikagwiritsira ntchito. Ife tili ndi mwayi umene iwo analibe, chifukwa luso la dothi limalowa m'basi n'kukafika mpaka kwa Mponda. Koma taonani mmene timabwerera: foni yapamwamba, nsapato, wailesi yaikulu, ndipo munthu ukamufunsa ntchito yomwe amagwira ku Joni amayankha mozungulira, kuchita manyazi kunena kuti ndi gadeniboyi. Manyazi a chiyani? Munthu wodziwa nthawi yodulira, wodziwa kupanga manyowa, kumeretsa nthambi ndi kusunga chinyezi m'dothi ali ndi ntchito m'manja yoposa ya ambiri ovala tayi. Chambo chinachepa mu Malombe, achinyamata akuthawa ukonde n'kuthamangira kuno komwe moyo wa mlendo ndi wamantha, monga tinaonera mu 2008 ndi mu 2015 pamene mabasi anatuta abale athu kubwerera kumudzi. Pamene zili choncho, malo ogona alendo kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear amafuna kapinga, maluwa ndi mitengo yamthunzi, makamaka chichokere 2024 pamene nyanja inakwera n'kumiza mabwalo ambiri a m'mphepete. Mbande zimenezo zizichokera kuti ngati ife odziwa ntchitoyi tangoti manja lende?

Pakhomo panu bzalani zokonda dzuwa. Bougainvillea ikakhwima imachita maluwa kwambiri ikamva ludzu, ndipo minga yake imathandiza kumpanda. Frangipani mumangodula nthambi, kuisiya pamthunzi sabata imodzi kuti bala liume, n'kuizika mumchenga, osathirira kwambiri. Hibiscus nayo imachita bwino ikapeza madzi otsukira mbale opanda sopo wambiri. Palinso impala lily, duwa loyera la m'mbali mofiira lomwe limamera lokha m'tchire la ku Liwonde n'kuchita maluwa m'chilimwe tsinde lilibe tsamba. Kuno amaligulitsa m'manazale pamtengo woti mungadabwe. Utomoni wake ndi wapoizoni, ndiye likhale kutali ndi ana, ndipo m'nkhalango yotetezedwa musakazule, mupeze njere kwa amene analibzala kale. Kumbuyo kwa nyumba kukhale mango wolumikiza ndi cham'mwamba, zimenezo mudzadya.

Kameretsedwe ka bougainvillea ndi hibiscus ndi komwe ndimachita ndi hydrangea mu November. Mudule nsonga yanthete yotalika masentimita 10 mpaka 15, muchotse masamba a m'munsi, a pamwamba muwadule pakati kuti asamataye madzi, muzike mu chubu cha mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi manyowa, muike pamthunzi wa bwemba. Ikayamba kutulutsa tsamba latsopano ndiye kuti mizu yagwira. Za manyowa musadandaule. Namasupuni amene amatsekera asodzi njira mu Shire, mukamuvuula n'kumuyanika kutali ndi madzi mpaka aume, n'kumusanjikiza m'dzenje ndi ndowe za mbuzi, mankhusu a mpunga ndi phulusa pang'ono, amasanduka dothi lakuda lomwe mchenga wathu ukulisowa. Pophimbira muzisuzumira pansi kawirikawiri, chifukwa chiswe cha kwathu sichichedwa.

Mphwanga wamkulu uja ndamva kuti akusonkha ndalama ya pasipoti. Sindimuletsa, koma mumuuze ayambe wakumba dzenje la manyowa ndi kumanga kashedi ka udzu mvula isanagwe. Ndalama ya machubu 500 ndi kheni nditumiza kumapeto kwa mwezi, sizasi ndidzabwera nayo ndekha pa Khirisimasi. Akadzaza machubuwo n'kugulitsako mbande zoyamba m'mphepete mwa msewu wa ku Monkey Bay, tidzakambirane za ulendo. Ndipo inu anzanga muli m'magadeni a ku Joni, ku Durban ndi ku Cape Town, mukamapita kumudzi chaka chino kaphunzitseniko mwana mmodzi kudulira ndi kumeretsa nthambi.

Mupereke moni kwa amayi ndi onse pakhomo.

Ine mlongo wanu,
ku Joni