Ganyu wa Kutsidya kwa Nyanja

Pali anthu ena masiku ano, ndipo chiwerengero chawo chikukulirakulira, amene akangodziwa kulemba mizere ingapo ya code pa laputopu yobwereka, amathamangira kumisika ya pa intaneti monga Upwork ndi Fiverr, kumene makampani a ku Ulaya ndi ku America amaikako ntchito zawo kuti ziwagwirire anthu a m'maiko akutali, nakalonjeza kumeneko kuti amanga m'masiku atatu chinthu chimene mmisiri woopa Mulungu sangachitsirize pamwezi wathunthu, ndiponso pamtengo wosakwana ngakhale thumba la chimanga. Ine amene ndamerera imvi pa ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta, m'kachipinda kanga ku Area 25 kumene ndimagwira ndi achinyamata ochepa, zimenezi zimandiwawa mumtima. Kundilanda makasitomala sandilanda, pakuti wothamangira zotchipa amabwera yekha pambuyo pake atanyamula zophwasuka; chimene chimandiwawa ndi chakuti mlendo akapsa kamodzi ndi ntchito yosalongosoka yochokera ku Lilongwe, sasunga dzina la mnyamata amene adamunamizayo, amasunga dzina la Malawi.

Mchitidwe wotumiza ntchito za kompyuta kutsidya kwa nyanja sudayambe dzulo, ndipo amene adaukulitsa ndi a ku India. Tata Consultancy Services idakhazikitsidwa mu 1968, Infosys idabadwira ku Pune mu 1981 isanasamukire ku Bangalore, ndipo pamene chaka cha 2000 chinkayandikira, maiko olemera atagwidwa ndi mantha kuti makompyuta awo, amene ankasunga chaka ndi manambala awiri okha, adzasokoneza 2000 ndi 1900, ntchito yambiri yofufuza ndi kukonza mapulogalamu akalewo idapita kwa amisiri a ku India. Ndikupempha wowerenga asunge ichi: ntchito imene idawatsegulira khomo anthu amenewo idali yowerenga modekha zimene adalemba ena, anthu amene ena a iwo adali atapuma kale pantchito kapena kutsikira kulichete. Kulemba zatsopano kudabwera pambuyo.

Za mmene munthu amaphunzirira Python kapena JavaScript sindinenapo kanthu, popeza mabuku ndi makanema a pa YouTube ali mbwee, ndipo mwana wakhama amene ali ndi bandulo yokwanira amazidziwa m'miyezi yowerengeka. Ganyu amene amatipeza ife kuno kawirikawiri sakhala womanga pabwalo loyera. Amatipatsa pulogalamu imene idayambidwa ndi munthu wa ku Manchester, nipitirizidwa ndi gulu la ku Manila, nisokedwa zigamba ndi wina wosadziwika amene adathawa osasiya ngakhale kakalata kofotokoza zimene adachita, ndipo amati kwa ife, ikuvuta apa, konzani. Apa ndiye pamene pagona umisiri wonse, ndipo umenewu sindidauphunzire pa kompyuta. Ndidauphunzira ku Kawale, pakhonde la bambo wina wokonza mawailesi.

Bambo ameneyo, amene tonse tinkangowatcha Madala, adali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wovala jekete ngakhale m'mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Benchi lawo lidali chitseko chakale chogonekedwa pamigolo iwiri, ndipo pamwamba pake pankakhala mita yoyezera magetsi yokhala ndi singano, chitsulo chowotcherera, zitini za mkaka zodzaza ndi tizipangizo tochotsedwa m'mawailesi akufa, ndi mulu wa mawailesi a Nzeru, aja ankalumikizidwa ku Blantyre m'masiku amene dziko lino linkapanga lokha mawailesi ake. Fungo la mtovu wosungunuka ndikalimva lero ndimawakumbukira. Munthu akabwera ndi wailesi yake, Madala sankaitsegula msanga. Ankamukhazika mwini wakeyo pampando, nayamba kumufunsa monga mmene nyakwawa imafunsira mboni pabwalo: kodi imazima m'mawa kapena madzulo, kodi imayamba yalira kenako n'kuleka, kodi mumaiika pafupi ndi mbaula, kodi mabatire ake mumawayanika padzuwa, kodi wina adaitsegulapo kale? Akatha mafunso, ankaiyatsa, nakhala chete kuimvetsera nthawi yaitali, kenako n'kumagogoda pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha sikuludilaiva pambali pa bolodi, mpaka phokoso litasintha pamalo pamene mtovu udalekana ndi waya. Kawirikawiri ntchito yeniyeni yowotcherera inkatha munthu asanameze malovu kawiri, koma kufufuzako kunkadya m'mawa wonse.

Ine adandiletsa kugwira chitsulo chowotcherera dzinja lonse loyamba. Ntchito yanga idali kutenga wailesi yakufa, kutsata njira iliyonse ya mkuwa pabolodi ndi nsonga ya pensulo, ndi kujambula kuseri kwa kalendala yakale mmene magetsi amayendera kuchokera kubatire mpaka kusipika. Ndikadandaula, ankayankha mosakweza mawu kuti, "Mwanawe, wailesi iyi adaipanga munthu wanzeru zake. Usanamutsutse, yamba wamva chimene ankafuna. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndipo chinanso chimene ndidaona pakhonde limenelo, chimene chandithandiza koposa maphunziro onse a utsogoleri amene ndidamvapo m'mahotela, ndi ichi: tsiku lina mnzanga amene tinkaphunzira naye adapsereza chipangizo cha wailesi ya mphunzitsi wina wa sukulu, ndipo mwini wake atafika ali lawilawi, Madala adaimirira pakati pa iye ndi mnyamatayo, nanena kuti, "Aphunzitsi, tawononga, ndipo tilipira." Sadaloze chala mwanayo. Mlendo atachoka ndi pamene adamukhazika pansi, namuonetsa mofatsa pamene dzanja lake lidachedwa kuchoka. Pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo Madala ankaudziwa mwambi umenewu ndi thumba lawo lomwe.

Tsopano ndifotokoze ntchito imodzi, kuti wowerenga aone chimene ndikunena. Kampani ina ya ku England yosamalira okalamba idatitumizira pulogalamu yake yowerengera maola a antchito, ndi dandaulo lakuti kamodzi pachaka, kumapeto kwa Okutobala, antchito a shifiti ya usiku amalandira malipiro operewera ndi ola limodzi. Amisiri angapo adali atakonzapo kale, aliyense n'kulandira ndalama zake, koma chaka chotsatira vuto n'kubweranso. Ndidapereka ntchitoyi kwa msungwana wina wa ku Chinsapo amene adali m'chaka chake chachiwiri ndi ine, ndipo ndidamuuza kuti asalembe ngakhale mzere umodzi mpaka atandifotokozera pakamwa mmene ola limodzi la wantchito limayendera kuchokera pamene wasaina kuti wafika mpaka pamene lasanduka ndalama. Adakhala masiku akuwerenga, akujambula pa pepala, akufunsa mafunso amene ena adaoneka opanda pake, monga akuti kodi anthu amenewa amalowa nthawi yanji ndipo amatuluka nthawi yanji.

Chimene adapeza ndi chinthu chimene mwana wobadwira kuno sangachilote, popeza ife wotchi yathu sitiisuntha chaka chonse. Ku Britain amapititsa mawotchi patsogolo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Marichi, nawabwezera m'mbuyo Lamlungu lomaliza la Okutobala; usiku umenewo, ikakwana 2 koloko, wotchi imabwerera pa 1 koloko, kotero kuti ola la pakati pa 1 ndi 2 limachitika kawiri. Mayi amene walowa ntchito 8 koloko madzulo natuluka 8 koloko m'mawa wagwira maola 13, koma pulogalamuyo inkasunga nthawi monga momwe ikuonekera pawotchi ya pakhoma, nichotsera ina ku inzake, n'kupeza 12. M'Marichi inkalakwanso, koma mokomera antchito, ndipo ndi chifukwa chake palibe adadandaulapo. Ndiye amisiri otchipa aja adachita chiyani? Aliyense adangolemba kamzere kakuti tsiku lakutilakuti la Okutobala uwonjezere ola limodzi, osalingalira kuti Lamlungu lomaliza siligwa pa deti imodzimodzi chaka ndi chaka. Tidapeza tizigamba totere titasanjikizana, kalikonse ndi chaka chake. Mankhwala enieni adali kusunga nthawi zonse mu UTC, nthawi ya padziko lonse imene siisuntha, ndi kuitembenuzira ku nthawi ya ku England pokhapokha poionetsa kwa munthu. Ndipo chovuta koposa chidali kukonza zolembedwa za zaka zam'mbuyo, pakuti zimene zidalembedwa mkati mwa ola lobwereza lija palibe makina angadziwe ngati zidali za ulendo woyamba kapena wachiwiri, ndipo zidafunika kuti munthu wa kukampaniko aziyang'ane chimodzichimodzi. Tsiku lofotokozera eni ntchito, ndidakhala pambali, ndipo msungwanayo ndiye adalankhula, popeza ndiye adapeza. Ndipo ndidawauza eni akewo poyera kuti pali amayi amene adagwira ntchito usiku osalipidwa, ndi kuti chilungamo chifuna kuti abwezeredwe.

Koma ntchito yotere ukaitchulira mtengo wake, kasitomala amayamba kudziguguda. Amati, mzere umene mwasintha ndi wochepa, nanga ndalama zonsezi n'zachiyani? Ena amafika pokuuza kuti moyo ku Africa ndi wotchipa, ngati kuti laputopu, batire, sola ndi inverter timazithyola m'tchire. Sadziwa kuti mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko lino lidataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa miyezi yambiri tinkagwira ntchito motsata ndandanda ya kuzima kwa magetsi, kudzuka pakati pa usiku magetsi akayaka kuti titsirize zimene tidalonjeza. Sadziwa kuti kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nitsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi kuti chipangizo chilichonse cha ntchito yathu chimagulidwa kunja. Wa ku New York, amene ali m'mbuyo mwathu ndi maola 6 kapena 7, amaitanitsa msonkhano nthawi imene ana athu akugona, ndipo malipiro akachedwa amangopepesa ndi mzere umodzi. Ine lamulo langa ndi lakuti achinyamata anga amalandira zawo mwezi ukatha, kaya kasitomala walipira kaya sadalipire, pakuti amene adagwirizana ndi mlendoyo ndine, ndipo eni nyumba a ku Biwi ndi ku Area 23 sadikira ndalama za ku London.

Chiyambire Novembala 2022, pamene ChatGPT idatulutsidwa, kwabweranso nyimbo ina yakuti makina amalemba okha, choncho titsitse mtengo. Makinawo timawagwiritsa ntchito, ndipo amalemba msanga ndithu, koma amalemba chimene wawafunsa, ndipo munthu amene sadziwa kufunsa amalandira chigamba chokongola kuposa zija tidazipeza, chigamba ndithu. Tisaiwalenso kuti kuseri kwa makina amenewa kuli manja a anthu akuno ku Africa: magazini ya Time idalemba mu Januwale 2023 kuti antchito a ku Kenya amene ankasankhula zolemba zonyansa pophunzitsa makinawo ankalandira ndalama zosakwana madola awiri pa ola. Umenewo ndiwo malekezero a msewu wopikisana pa kutchipa, ndipo sindifuna kuti ana amene ndikuwaphunzitsa adzathere kumeneko.

Umboni wakuti dziko lino lingathe kuchita zazikulu uli pafupi, pachipatala cha Kamuzu Central, kumene kuyambira mu 2001 ntchito imene idadzatchedwa Baobab Health, yoyambitsidwa ndi Gerry Douglas, idaika makompyuta ongokhudza ndi chala, oyendera mabatire, osindikiza kachizindikiro komata pabuku la kuchipatala la wodwala. Ndipo Amalawi ambiri amene adalemba mapulogalamu amenewo adakula nawo luso chifukwa ankaona ndi maso awo namwino ndi wodwala amene ankawatumikira. Ganyu wakunja sapereka mwayi wotero pokhapokha mtsogoleri ataumirira kuti ana ake amve ntchito yonse, alankhule ndi eni ake, ndipo adziwe munthu amene ali kumapeto kwa mzere uliwonse. Ndipo tisayembekezere kuti alendo adzatiphunzitsira ana athu. Andela, imene idayamba ku Lagos mu 2014 ndi cholinga chophunzitsa achinyamata a mu Africa ndi kuwapezera ntchito kumakampani akunja, idachotsa ntchito amisiri ongoyamba kumene pafupifupi 400 mu Seputembala 2019, ponena kuti msika ukufuna odziwa kale. Aliyense afuna mmisiri wokhwima, koma wolipira zaka zimene mwana amakhala akuwerenga asanayambe kupindula palibe.

Choncho ndikulankhula kwa inu anzanga amene mwakhazikika pa ntchitoyi, kaya muli ku Area 47 kaya mukugwirira m'chipinda chogona ku Mgona: tengani mwana mmodzi kapena awiri, muwakhazike pambali panu, muwapatse pulogalamu yakale kuti aiwerenge miyezi ingapo asanalembe yawo, muwalipire pamene akuphunzira, ndipo kasitomala akakwiya muime patsogolo ndinu. Ndipo mtengo wa maphunziro amenewo muuwerengere m'ndalama zimene mukutchulira mlendo, osachita nawo manyazi.